Miyezi isanu ndinkamanga taye ndilibe ntchito

Kalata ija anandipatsa Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana. Inali ndi ndime zitatu basi: kampani ikuchepetsa antchito, malo anga athetsedwa, akuthokoza chifukwa cha zaka 9 zomwe ndawagwirira. Ndinali kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo ndinkadziona ngati munthu woti sangachotsedwe, poti ndinkadziwa pomwe chilichonse chili ngakhale magetsi atazima. Kalatayo ndinaipinda panayi n'kuilowetsa m'thumba la mkati la jekete. Ndinagwirana chanza ndi abwana ndikumwetulira, mpaka ndinawauza kuti asadandaule.

Nditafika kunyumba akazi anga anandifunsa monga mwa masiku onse, "Mwaswera bwanji, bambo?" Ndinati ndaswera bwino. Sikuti ndinali nditakonza zonama. Mumtima ndinangoti ndiwauza Lolemba, mutu ukakhazikika, ndikapeza pulani yowaonetsa. Lolembalo linadzafika patatha miyezi isanu.

Nthawi yonseyo ndinkadziyesa wolimba mtima, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi. Ndinakula ndikumva kuti mwamuna salira. Bambo anga sindinawaonepo akudandaula pamaso pathu, ndiye kwa ine kusenza ndekha kunali kuteteza banja.

Lolemba ndinadzuka 5 koloko monga kale. Malaya anali pampando, atasitidwa. Ndinamanga taye, ndinapukuta nsapato, ndinakoloweka chiphaso cha kuntchito m'khosi, chomwe atandipempha kuti ndibweze ndinanama kuti chinatayika. Mlungu woyamba ndinkakhala ku laibulale. Oyang'anira atayamba kundizolowera ndi kundifunsa za kunyumba, ndinasamukira pabenchi ya pamalo okwerera basi, kutali ndi kwathu. Masiku ena ndinkakhala mpando wakumbuyo m'tchalitchi china chomwe chinkakhala chotsegula masana. Kwa munthu wobisala dzuwa siliyenda. Ndinafika podziwa nthawi poona pomwe mthunzi wa mtengo wa magetsi wafika pakhoma.

Ntchito ndinkaifunadi. Ndinalemba makalata 41, anandiyankha atatu, ku intavyu anandiitana kuwiri. Koma taonani uchitsiru wake. Mpata wa ntchito kawirikawiri umamvekera kwa anthu, ndipo anthu onse amene akanandinong'oneza ine ndinkawazemba. Mnzanga wina anadzandiuza pambuyo pake kuti m'mwezi wachiwiri uja kuntchito kwawo kunkafunika munthu wa katundu. Dzina langa linamubwerera, koma anati, "Uja ali pabwino, sangasiye komwe ali." Anatenga wina.

Mukapatsidwa kalata yotere, musatuluke pageti ndi kumwetulira kokha ngati ine. Pemphani kalata yokuchitirani umboni akadalipo abwana okudziwani, pemphani akulembereni ndalama zanu zonse ndi m'mene aziwerengera, ndipo funsani za mafomu a penshoni. Kalata ya umboni ine ndinakaitenga patapita miyezi itatu, abwana anga aja nawonso atachotsedwa, ndipo wondilembera sankandidziwa n'komwe. Analemba mizere iwiri. Masiku anga 11 atchuthi omwe sindinapite sanawawerengere, ndinazindikira mochedwa. Mafomu a penshoni sindinawakhudze, ndinkaopa kuti angaimbe foni ndili pakhomo.

Ndalama yomwe anandipatsa inali ngati malipiro a miyezi itatu. Tikanakhala pansi awiri tsiku lomwelo ikanatifikitsa miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa akazi anga amadziwa kutambasula ndalama kuposa ine. Koma bodza limadya ndalama. Mwezi ukatha ndinkapereka ya pakhomo yofanana ndi kale, osachotsako, kuopa kukayikiridwa. Tsiku ndi tsiku ndinkalipira basi kupita ndi kubwera komwe kunalibe chochita. Wachibale akalira vuto, ndinkatumiza ngati munthu wa pantchito. Mwezi wachitatu usanathe, yonse inali itatha psiti.

Kukongola ndinayambira kwa mnzanga wa kusukulu, ndinamuuza kuti malipiro achedwa. Kenako mng'ono wanga. Iyeyu ndinamuuza kuti kuntchito atilonjeza bonasi. Anandipatsa ndalama yomwe ankasungira fizi ya mwana wake osafunsa kalikonse, poti sukulu yake ndinamulipirira ndine. Pomaliza ndinagwera kwa wa katapira, chiwongoladzanja 30 pa 100 iliyonse pamwezi, ukalephera kubweza amachiphatikiza pa ngongole. Pakamwa 30 imamveka yochepa. Tawerengani nokha: 100 imakhala 130, mwezi wachiwiri 169, wachitatu pafupifupi 220, wachinayi 286. Ine amene ndinkadyera kuwerengera, masamu amenewa sindinawachite. Ndinkaopa yankho lake.

Kuntchito ndinkadinda mapepala tsiku lonse, moti chala changa chachikulu cha kumanja chinkakhala ndi inki yabuluu yosachoka ngakhale ndi sopo. Mwana wathu wamkazi, wa zaka 7 panthawiyo, ankakonda kuchigwira ndikangofika. Tsiku lina madzulo anatembenuza dzanja langa uku ndi uku n'kufunsa, "Adadi, inki ija yapita kuti?" Ndinamukalipira mpaka anathawira kuchipinda. Ndinamutcha mwana wopanda ulemu, wofunsa akulu zopusa. M'mawa mwake ndinagula bolopeni yabuluu. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanakwere basi yobwerera, ndinkakhala pabenchi paja n'kumalemba pachala, kenako kufikisa ndi malovu kuti inkiyo ioneke yakale. Bambo wa zaka 38, wa taye, akudzipaka inki kuti anamize mwana wa zaka 7. Wina akandifunsa m'mene kulimba mtima kwanga kunkaonekera, ndimamusonyeza pabenchi pamenepo.

Thupi ndiye linakana kunama nawo. Usiku uliwonse ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko, mtima uli gu gu gu ngati ndathamanga, tulo osabweranso. Kudya kunandikanika, lamba ndinamuboola bowo lina ndi msomali, kenako linanso. Mpira womwe ndinkaukonda, macheza, nyimbo, zonse zinasukuluka. M'mwezi wachinayi munayamba kubwera maganizo ena, poyamba ngati mlendo wongodutsa, kenako anayala mphasa: akuti banja langa lingapepukidwe ine nditachoka padziko. Ndikunena mosabisa chifukwa mwina wina amene akuwerenga ali pomwepo. Maganizo amenewa amabwera mwaulemu, amamveka ngati nzeru, ngati chikondi. Ndi chizindikiro cha matenda. Tsiku lomwe abwera, uzani munthu aliyense amene muli naye pafupi ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinakhala nawo milungu isanu ndi umodzi pakamwa pali tseke, ndipo kuti ndili moyo lero si nzeru zanga.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku lina ndinadzilimbitsa n'kuulula ndekha. Ayi, anachita kundigwira. Mng'ono wanga anabwera Loweruka kudzafunsa ndalama yake, sukulu zitatsegulira. Tinaima panja. Ndinayamba nyimbo ija ya bonasi. Anandisiya mpaka ndimalize, kenako anati, "Achimwene, Lachitatu ndinafika kuntchito kwanu. Alonda a pageti akuti munachoka kalekale." Sanakweze mawu. Ankayang'ana pansi ngati wolakwa ndi iyeyo. Anati alamu ake sawauza lero, koma mawa abweranso, ndipo akadzapeza sindinanene adzanena yekha.

Usikuwo ndinadikira mwana agone. Ndinatulutsa kalata ija m'jekete, itayamba kung'ambika m'mopinda, n'kuiika patebulo. Ndinali nditakonza mawu ambirimbiri odziteteza, koma otuluka anali awa okha: "Mayi, ntchito inatha miyezi isanu yapitayo. Ndakhala ndikukunamizani. Ndili ndi ngongole kwa anthu atatu." Manja ankanjenjemera, ndinawabisa pansi pa tebulo.

Kalatayo sanaitsegule. Anati, "Ndinadziwa, bambo. Papita milungu isanu ndi iwiri." Anali atakumana ndi mkazi wa mnzanga wa kuntchito, amene anawapepesa poganiza kuti akudziwa. Ndinafunsa chomwe sananenere. Anati ankafuna aone tsiku lomwe ndidzawayese munthu. "Ntchito imatha, zimenezo sizinandipweteke. Koma m'mawa uliwonse ndinkasita malaya anu ndikudziwa kuti kulibe komwe mukupita, inu n'kumati zikomo." Za ngongole sankadziwa. Atamva za katapira anadzuka mwakachetechete n'kukagona kuchipinda kwa mwana.

Musaganize kuti mukaulula akukumbatirani. Milungu itatu tinkalankhulana zofunika zokhazokha. Komabe m'mawa mwake mng'ono wanga atabwera, ndinamuuza za maganizo ena aja, iye anauza alamu ake, ndipo Lolemba awiriwo anandiperekeza kuchipatala. Akazi anga anakhala pabenchi yodikirira maola anayi osandiyankhula, koma osachokanso.

Dokotala anandifunsa mafunso 9 a pafomu yotchedwa PHQ-9: za tulo, za kudya, za kutopa, za kudziona wolephera, za maganizo odzivulaza, zonse za m'milungu iwiri yapitayo. Mapointi ake amathera pa 27, ine ndinapeza 19. Anati ndi matenda a maganizo otchedwa depression, ndipo zizindikiro zotere zikamabwera pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri, basi n'zokwanira kupita kuchipatala. Ine ndinali nditadikira miyezi. Ndinkayesa ndi ine ndekha wofooka chonchi, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa. Anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna amaposa akazi kuwirikiza kawiri. Nditamva za amunazo, mawu aja oti mwamuna salira anayamba kumveka mwina m'makutu mwanga.

Mankhwala anandipatsa. Milungu iwiri yoyamba inali ya nseru ndi mutu, kusintha osakuona, ndipo ndikanawataya akanapanda kundichenjezeratu kuti amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira, komanso kuti sasiyidwa mwadzidzidzi popanda dokotala. Mlungu wachisanu ndinatsegula maso kunja kutayera. Ndinakhala pabedi kwa kanthawi osamvetsa chachitika. Ndinawamwa miyezi 9.

Ankandionanso mlangizi, mayi wachikulire wosakonda kuzungulira. Tsiku lina anajambula mzere pakati pa pepala n'kuti mbali iyi ndilembe zomwe zili m'manja mwanga, mbali inayo zomwe sizili. Anati njirayi si yawo, ndi ya Epictetus, munthu amene anali kapolo ku Rome zaka pafupifupi 2,000 zapitazo asanadzakhale mphunzitsi. Zinandinyansa. Ndinati ngongole siibwezedwa ndi nzeru za anthu akufa. Koma ndinalemba. Kumbali ya m'manja mwanga ndinaika zoti akazi anga andikhulupirirenso. Mayiwo anafufuta n'kusamutsira mbali inayo. "Izi n'za iwo, bambo. Zanu n'kunena zoona lero, mawa n'kunenanso." Pepala litadzaza ndinaona kuti miyezi isanu yonse mphamvu zanga zinathera mbali yomwe si yanga: anthu andiona bwanji, anena chiyani, andilemekezabe kodi. Mbali yanga inali yaifupi ndi yosasangalatsa. Kukaonana ndi ondikongoza, kudzaza mafomu a penshoni, kumwa mankhwala, kupepesa mwana.

Mpaka pano ndimaganizabe za mawu oti kulimba mtima. Mphamvu ndinali nazo, sindikana. Kudzuka 5 koloko kwa miyezi isanu kupita kopanda kanthu si ntchito ya waulesi. Kupirira ndinapirira ndithu. Koma mphamvuzo ndi kupirirako zinali pa ganyu kwa mantha ndi kunyada. Pakamwa ndinkati ndikuteteza banja, pomwe chotetezedwa chinali nkhope yanga, ndipo banjalo ndi lomwe linkalipira. Chinanso chowawa kuvomera ndi ichi. Ndinkadzitama kuti ndine woona mtima, zaka 9 osasowetsa ngakhale msomali wa kampani. N'zoona. Koma kuona mtima kumeneko kunkandipatsa ulemu, sikunandidulepo kanthu. Tsiku loyamba lomwe kunena zoona kukanandichepetsa pamaso pa anthu, ndinanama ndisanavule n'komwe nsapato. Khalidwe lomwe ndinkati ndi langa linali lisanayesedwepo.

Za kudikira kwa akazi anga milungu isanu ndi iwiri, ena amati ndiko kuleza mtima. Iwo eni ake amakana. Amati akanadziwa zomwe zinkayenda m'mutu mwanga akanandifunsa tsiku lomwelo, ndipo amauza anzawo kuti ukaona munthu wako akuwonda, sakugona, akukalipa popanda chifukwa, usadikire kuti ayambe ndiye. Tinali awiri m'nyumba imodzi, aliyense ali chete, aliyense akudziyesa wolimba.

Ngongole tinayamba ndi ya katapira, poti ndiyo inkakula tikugona. Tinagulitsa wailesi yakanema, koma sizinakwane. Akazi anga anagulitsa makina awo osokera, omwe anagula ndi ndalama zawo tisanakwatirane. Wogula atabwera kudzawanyamula, iwo anapita kuseri kwa nyumba. Kwa wa katapira ndinapita ndi mng'ono wanga ngati mboni, tinagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime, tinalemberana papepala, tsiku ndi ndalama yotsala, tonse n'kusaina. Musapiteko nokha, ndipo musakhulupirire pangano la pakamwa. Pomaliza ndinabweza kuposa kawiri ndalama yomwe ndinatenga. Mnzanga wa kusukulu uja anandikhululukira theka, koma macheza athu sanabwererenso m'chimake. Gawo la penshoni lomwe ndinali woyenera kulandira linatuluka patatha miyezi itatu nditapereka mafomu. Ndikanapereka nthawi yake, kwa wa katapira sindikanapondako.

Anthu atadziwa kuti ndili pa ulova, ntchito inapezeka pasanathe miyezi iwiri, kudzera mwa mnzawo wa akazi anga. Inali yokweza ndi kutsitsa katundu usiku, malipiro theka la akale. Mlungu wachiwiri kunabwera galimoto, wolemba katundu wake n'kukhala mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Anandipeza katoni ili paphewa. Anati "Abwana" n'kusowa chonena china. Miyendo inafuna kundithawitsa. Ndinamuuza kuti ntchito inatha, pano ndikugwira iyi, ndipo awerenge bwino chifukwa makatoni ndi 60. Zinangothera pomwepo. Chinthu chomwe ndinachithawa miyezi isanu chinatenga mphindi imodzi. Panopa ndinabwerera pa kulemba katundu, koma malipiro sanafikebe pomwe anali.

Mwana ndinamupepesa mochedwa, patapita mwezi, chifukwa ndi amene ndinkamuchitira manyazi kwambiri. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti tsiku lija sanalakwe, wolakwa ndinali ine. Anafunsa ngati inki ija inali yabodza. Ndinavomera. Anati ankadziwa, chifukwa yakale inkakhala m'mbali mwa chikhadabo pomwe yatsopanoyi inali pakati pa chala.

Kwa chaka ndi miyezi ingapo akazi anga ankafuna kuona pepala la malipiro mwezi uliwonse. Poyamba ndinkamva ngati akundinyoza, ndipo kawiri konse tinakangana. Kenako ndinayamba kuliika ndekha patebulo asanafunse. Sindikumbukira mwezi womwe anasiya kulitsegula. Moni wa madzulo uja amandipatsabe, koma masiku ano akafunsa kuti ndaswera bwanji amaima n'kundiyang'ana, ndipo ndikaswera moipa ndimanena.

Ngongole ya mng'ono wanga inatenga miyezi 14, pang'onopang'ono. Mwana wake anachedwa milungu itatu kuyamba teremu chifukwa cha ine, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Tsiku lomwe ndinapititsa gawo lomaliza anandilandira bwino, tinakhala pakhonde, tinacheza za ana. Ndinamupatsa envelopu. Kale ndikamupatsa ndalama ankangoponya m'thumba osayang'ana. Tsikulo anaitsegula pamaso panga, ananyowetsa chala, anawerenga imodzi imodzi mpaka kumapeto. Atamaliza anayambiranso. Ndinakhala phee, manja pamawondo, kudikira kuti amalize.